Kodi liwu lakuti incredulous limasiyana bwanji ndi incredible?

Mayi wa ku Chamama adalemba:

Moni nonse a pabwalo lino. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, choncho ndaona kuti ndi bwino ndibweretse kuno funso limene lakhala likundizunguza mutu kwa sabata yathunthu, kusiyana ndi kungokhala nalo m'nyumba.

Ndili ndi mwana wamkazi amene ali mu Folomu 4 ndipo akukonzekera mayeso a MSCE. Masiku apitawa aphunzitsi ake a Chingerezi adawapatsa ntchito yolemba chimangirizo cha tsiku limene sadzaliiwala, ndipo iye adasankha tsiku limene adaona dzina lake pa mndandanda wa ana osankhidwa kupita ku sekondale. Tsikulo inenso ndimalikumbukira bwino, chifukwa adabwera akuthamanga kuchokera kusukulu, nandipeza ndikupeta mphale pakhonde, ndipo adangoima patsogolo panga manja ali pakamwa, osatulutsa liwu, mpaka ndidayika lichero pansi poganiza kuti kwagwa zovuta. M'chimangirizo chakecho adalemba kuti "I was incredible when I saw my name on the list." Aphunzitsi adakhwatcha liwu lakuti incredible ndi cholembera chofiira, pamwamba pake nalembapo incredulous, koma nthawi ya phunziro idatha asanafotokoze chifukwa chake.

Mwanayo adabweretsa kope lake kwa ine. Ine sukulu ndidalekezera mu Folomu 2 zaka zambiri zapitazo, ndipo dikishonale imene tili nayo ndi yakale, masamba ena adathothoka, komabe tidayatsa tochi usiku n'kuyamba kufufuza. Tidapeza kuti mawu onse awiri akuzungulira pa nkhani ya kusakhulupirira, ndipo pamenepo ndi pamene tidasokonezeka kwambiri. Mwanayo akunena kuti oulutsa mpira pawailesi amakuwa kuti incredible wina akagoletsa chigoli chokongola, ndipo palibe amene amawadzudzula, ndiye iyeyo walakwa pati?

Ndikupempha amene mukudziwa kuti mutithandize tanthauzo lenileni la incredulous, katchulidwe kake, komanso mmene tinganenere m'Chichewa mwathu kuti mwanayu asamangoloweza koma amvetse. Mu dikishonale momwemo taonamonso liwu lina lakuti disbelief, ndipo sitikudziwa ngati lili limodzimodzi ndi enawo. Ndikudera nkhawa chifukwa ndikudziwa kuti mwana akalephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse.

Mphunzitsi wopuma wa ku Nkhamenya adayankha:

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu, ndipo muuzeni mwanayo kuti asachite manyazi, pakuti pa zaka zonse zimene ndidagwira choko ndidaona cholakwa chimenechi kambirimbiri, ngakhale m'zolemba za anthu akuluakulu ophunzira bwino. Aphunzitsi ake adakonza molondola, ndipo chifukwa chake ndi ichi: liwu lakuti incredulous limafotokoza munthu amene akulephera kukhulupirira zimene waona kapena wamva, pamene liwu lakuti incredible limafotokoza chinthu chimene chikuvuta kukhulupiriracho. Pa tsiku limene mwatifotokozera lija panali mbali ziwiri. Panali nkhani yoti wasankhidwa, imene inali incredible, ndipo panali mwana amene adaima patsogolo panu manja ali pakamwa, amene anali incredulous. Polemba kuti "I was incredible", mwanayo adanena mosadziwa kuti iyeyo ndiye anali chinthu chodabwitsacho, ngati munthu amene akudzitamandira yekha, pamene cholinga chake chinali kunena kuti sadakhulupirire maso ake.

Chimene ndinkawauza ana anga m'kalasi ndi chakuti Chichewa chathu chili kale ndi kusiyana kumeneku, kungoti sitikuzindikira chifukwa timayankhula mosaganizira. Taonani aneni awa: kuona ndi kuoneka, kumva ndi kumveka, kudya ndi kudyeka. Munthu ndiye amaona, koma phiri la Kasungu limaoneka. Munthu ndiye amamva, koma ng'oma imamveka. Mwana wa Folomu 4 akudziwa kale kuti m'phunziro la Chichewa kusintha kotereku timakutcha msintho wa mchibisira, ndipo palibe mwana wa Chichewa amene anganene kuti "ine ndikudyeka nsima" pofuna kunena kuti akudya. Kachidutswa ka kumapeto kakuti -ible kapena -able m'Chingerezi kamagwira ntchito yofanana ndi -ika kapena -eka wathuyu: visible ndi chooneka, audible ndi chomveka, edible ndi chodyeka. Mwana akagwira mfundo imeneyi, aona yekha kuti incredible ali m'gulu la zinthu zimene zikuchitiridwa, osati la munthu amene akuchita.

Mawu onsewa ndi a banja limodzi. Adachokera ku mneni wa Chilatini wakuti credere, kutanthauza kukhulupirira, ndipo kachidutswa kakuti in- kamene kali kumayambiriro ndi kotsutsa, monga -sa- wathu wa mu wosadziwa kapena wosamva. Ana amene amaphunzira ku Kamuzu Academy kwa Mtunthama, sukulu imene idatsegulidwa mu 1981 ndipo imaphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki, amakumana ndi mneni ameneyu koyambirira ndithu, koma ife tonse timamugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku osadziwa. Credit imene mwana wanu akuisakasaka pa mayeso ndi ya banja lomweli, chimodzimodzi credit ya ngongole, chifukwa wokongoza ndalama amakhala atakhulupirira kuti wokongolayo adzabweza. Umboni wa credible pabwalo la milandu ndi umboni umene munthu wanzeru angaukhulupirire. Ndipo pali liwu lina limene ndikufuna mwanayo alidziwe, lakuti credulous, lopanda in- uja. Limanena za munthu wongomeza chilichonse chimene wauzidwa, ngati amene walandira uthenga pafoni woti wapambana mpikisano umene sadalowe nawo n'komwe, iye n'kuthamanga kukatumiza ndalama kwa akambelembele. Kutchedwa credulous si ulemu ayi.

Pa katchulidwe, mphamvu ya liwu imagwera pa phatikizo lachiwiri, motere: in-KRE-dyu-las. Kumapeto kumalembedwa -ous koma kumamveka mopepuka ngati -as. Muuzeni mwanayo asamale kwambiri polemba, chifukwa ife a Chichewa sitisiyanitsa r ndi l poyankhula, ndipo liwu limeneli lili ndi zilembo zonse ziwiri: r ndiye amayamba, l amabwera pambuyo. Ndidaonapo ana ambiri atazisinthanitsa, n'kutaya malikisi pa liwu limene tanthauzo lake ankalidziwa bwinobwino.

Tsono za disbelief. Incredulous ndi mfotokozi, pamene disbelief ndi dzina, ndipo ndi dzina la mkhalidwe womwewo wolephera kukhulupirira. Lilipo dzina lina lochokera ku incredulous mwachindunji, lakuti incredulity, limene mphamvu yake imasamukira pa phatikizo lachitatu, koma ndi lolemera ndipo limapezeka kwambiri m'mabuku. Disbelief ndi lopepuka, ndipo kawirikawiri limayenda ndi mperekezi wakuti in, monga mu chiganizo chakuti "She stared at the list in disbelief", kapena chakuti "My father shook his head in disbelief." Incredulous amakonda kuyenda ndi nkhope, maso, mawu ndi kuseka, monga an incredulous look, ndipo mukafuna kutchula chimene chadabwitsa munthuyo mumanena kuti incredulous at the news. Muonjezi wake ndi incredulously, amene olemba nkhani amamuika pambuyo pa funso la munthu wodabwa.

Ine ndikadakhala ndikuchonga kope limenelo, ndikadalandira incredulous, koma ndikadakondwera kwambiri kuona "I stared at my name in disbelief", chifukwa chiganizo chimenechi chikutionetsa mwanayo ataima pa bolodi, pamene chinacho chikungotiuza za iye.

Katekisiti wa ku Mchinji adayankha:

Aphunzitsi afotokoza momveka, ndipo sindibwereza zimene anena. Ine ndikufuna kuthandiza pa mbali imene mayi adafunsa ya kanenedwe ka m'Chichewa, chifukwa pamenepo pali msampha umene ife ogwira ntchito mu mpingo timauona bwino.

Tikamasulira incredulous kuti wosakhulupirira basi, khutu la Mchewa limathamangira ku nkhani za chipembedzo. Kwathu kuno mukanena kuti uje ndi wosakhulupirira, anthu amamva kuti sapemphera, kapena kuti adataya chikhulupiriro. Chingerezi chimalekanitsa zinthu ziwirizi ndi mawu awiri ofanana pang'ono. Unbelief ndiko kusowa chikhulupiriro, makamaka mwa Mulungu, ndipo ndi mkhalidwe umene munthu angakhale nawo zaka zambiri. Disbelief ndi chinthu cha kanthawi, chimene chimamugwera munthu pamene nkhani yamukulira kotero kuti mtima wake ukukana kuilandira, ngakhale maso akuona. Mwana wanu, mayi, sadali ndi unbelief tsiku lija. Adali ndi disbelief, ndipo pofika madzulo idali itatha.

Tsinde limene aphunzitsi atchula lija ife timalidziwa kudzera mu Credo, pemphero lovomereza chikhulupiriro limene timanena pa Misa ya Lamulungu, ndipo liwu limenelo m'Chilatini limangotanthauza kuti ndikhulupirira. Koma malo amene liwu la funso lathuli limaonekera poyera ndi nkhani ya Tomasi, pa Yohane 20, imene timawerenga Lamulungu lachiwiri la Pasaka chaka ndi chaka. Tomasi kunalibe pamene Ambuye adaonekera kwa ophunzira anzake, ndipo atamuuza adakana kuvomereza mpaka ataona mabala a misomali ndi kuikamo chala chake. Patapita masiku asanu ndi atatu Ambuye adabweranso, ndipo mu Baibulo la Chilatini limene Jerome Woyera adakonza chakumapeto kwa zaka za m'ma 300, mawu amene adauza Tomasi pa ndime 27 ndi akuti noli esse incredulus sed fidelis, ndiye kuti usakhale wosakhulupirira koma wokhulupirira. Incredulus ameneyo ndiye kholo la incredulous wa m'kope la mwana wanu. Mpaka lero Angerezi amatcha munthu wokana kuvomereza asanaone kuti doubting Thomas, monga ifenso timanena kuti uyu ndi Tomasi.

Komabe ndime imene ndikuona kuti ikufanana kwambiri ndi zimene zidachitika pakhonde panu si ya Tomasi ayi, koma ya Luka 24, ndime 41. Pamenepo akutiuza kuti ophunzira, ataona manja ndi mapazi a Ambuye, adali asanakhulupirirebe chifukwa cha chimwemwe, ndipo adali ozizwa. Taganizirani zimenezo. Sadakane chifukwa cha kuuma mtima, koma chifukwa nkhaniyo idali yabwino mopitirira muyeso. Ndidaona zoterezi ndi maso anga pamene mayi wina wa mumphakati mwathu adauzidwa kuti mwana wake, amene adapita kukagwira ntchito m'minda ya fodya ku Zambia n'kukhala zaka zambiri osamveka, wafika ndipo waima panja. Mayiyo sadathamangire kukhomo. Adakhala pansi pomwepo pamkeka, akupukusa mutu, akubwereza kuti "mukunama inu, mukunama", misozi ikutsika, ndipo adadzuka pokhapokha mwanayo atalowa ndi kugwada pamaso pake. Palibe aliyense wa ife amene adamva mawu akuti mukunama ngati chitonzo.

Choncho pophunzitsa mwanayo, musamupatse liwu limodzi la Chichewa, chifukwa ife nkhani imeneyi timaiyankhula ndi thupi lonse. Timanena kuti adangoti kakasi, kapena kuti adangoti kukamwa yasa, kapena kuti adagwira pakamwa, kapena kuti sadakhulupirire maso ake. Timafunsa kuti "zoona?" tikudziwa kale kuti ndi zoona. Munthu amene akuchita zimenezi ndiye incredulous. Kukayika ndi kwina, chifukwa wokayika amakhala pakati, akuyeza mbali ziwiri modekha. Kudabwa nakonso ndi kwina pang'ono, chifukwa munthu angadabwe ndi chinthu chimene wachivomereza kale. Incredulous ali pamene kudabwa ndi kukana zakumana mu mtima umodzi pa nthawi imodzi.

Mnyamata wa kwa Wimbe adayankha:

Ndathokoza bambo aphunzitsi ndi bambo katekisiti. Ine ndine wamng'ono pakati panu, ndipo ndikupempha kuti mundikhululukire ngati ndilankhula modumpha malire, koma pali mfundo ziwiri zimene ndikuona kuti zingamusokoneze mlongo wathuyu akapanda kuchenjezedwa.

Ndiyambe ndi chitsanzo cha kwathu kuno, chimene aliyense wa ku Kasungu akuchidziwa. William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala, adasiya sukulu ya sekondale pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake adalephera kulipira fizi. Adayamba kuwerenga mabuku a mu laibulale yaing'ono ya kuno kwa Wimbe, ndipo ali ndi zaka 14 adamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, zida za njinga ndi zitsulo zotola kudzala. Pamene ankatola zitsulozo anthu ambiri ankati wachita misala. Tsiku limene babu idayaka, anthu omwewo adangoti kakasi. Mu 2007 adakayankhula pa msonkhano waukulu wogawana nzeru zatsopano wotchedwa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania, ndipo dziko lonse lidamudziwa. Pa nkhani imeneyi lamulo la aphunzitsi likugwira bwino ntchito: makinawo adali incredible, ndipo anthu oonerera adali incredulous. Ndikuonanso kuti apa ndi pamene liwu lina lakuti sceptical likulowa, chifukwa asanaone babu ikuyaka anthuwo adali sceptical, kutanthauza kuti ankakayikira ndipo ankafuna umboni, koma ataona ndi pamene adakhala incredulous.

Vuto langa loyamba ndi ili. Mzungu akhoza kunena kuti "William is incredible", ndipo chiganizo chimenechi n'cholondola ndithu, ngakhale chikunena za munthu. Ndiye sitinganene kuti incredible ndi wa zinthu zokha. Choopsa kwambiri n'chakuti tikatsatira njira ya -ika ndi -eka imene aphunzitsi atiphunzitsa, tifika pa liwu lakuti wosakhulupirika, ndipo tonse tikudziwa kuti m'Chichewa munthu wosakhulupirika ndi wachinyengo, amene simungamusungitse ndalama za banki m'khonde, kapena amene akuyenda njira zamseri m'banja. Mwana amene angamasulire kuti William ndi wosakhulupirika watukwana munthu amene amafuna kumuyamikira. Ndikuona kuti pa liwu limeneli Chichewa ndi Chingerezi zapatukana njira, ndipo tiyenera kumuuza mlongo wathuyu zimenezi momveka.

Izi zikuyankhanso funso la oulutsa mpira lija. Iwo akamakuwa kuti incredible sakutanthauza kuti chigolicho akuchikana, koma kuti n'chapamwamba kwambiri. Pa Chingerezi cha masiku ano tanthauzo limeneli ndilo lafala kuposa loyamba lija, moti anthu amanena kuti chakudya chinali incredible pongofuna kunena kuti chinakoma.

Mfundo yanga yachiwiri ndi funso kwa aphunzitsi. Ndidamva kuti eni ake Chingerezi nawonso amasakaniza mawu awiriwa, ndipo kuti William Shakespeare, mu sewero lake la Twelfth Night, adagwiritsa ntchito incredulous pofotokoza chinthu osati munthu. Ngati mlembi wamkulu chotero adachita zimenezo, kodi si nkhanza kumuchotsera malikisi mwana wa ku Chamama amene Chingerezi ndi chiyankhulo chake chachiwiri? Sindikufunsa mwamwano, koma chifukwa ndidakhala pa desiki posachedwapa, ndipo ndikudziwa mmene cholembera chofiira chimafooketsera mwana amene adayesetsa kugwiritsa ntchito liwu lalikulu.

Mphunzitsi wopuma wa ku Nkhamenya adayankhanso:

Mwanawe, wayankhula mwanzeru, ndipo pa mfundo yoyamba ija ndikuvomereza kuti wandikonza. Ndidafulumira kupereka fanizo la -ika ndi -eka osachenjeza kuti pa mneni wakuti kukhulupirira fanizolo limaterereka, chifukwa kukhulupirika kwathu kudatenga tanthauzo la chilungamo ndi kudalirika, limene Angerezi amalinena ndi mawu ena monga faithful ndi trustworthy. Fanizolo ndi lothandiza poonetsa mbali imene liwu likuloza, koma si loti munthu amasulirire. Mayi, muuzeni mwanayo kuti incredible ndi chinthu chovuta kukhulupirira, kapena chodabwitsa, kapena chapamwamba zedi, ndipo asadzayerekeze kulemba kuti chosakhulupirika. Lamulo lenileni si lakuti liwu lina ndi la anthu ndipo lina ndi la zinthu. Funso loti adzifunse asanalembe ndi lakuti, pa awiriwa, ndani akudabwitsa ndipo ndani wagwira pakamwa? Wodabwitsayo, kaya ndi munthu kaya ndi chigoli, ndiye incredible. Wogwira pakamwayo ndiye incredulous, ndipo ameneyo amayenera kukhala ndi mtima ndi maso, chifukwa mwala kapena mndandanda wa mayina sungalephere kukhulupirira.

Pa mfundo yachiwiri sindikugwirizana nawe. N'zoona kuti Shakespeare adalemba chotero, koma adalemba zaka zoposa 400 zapitazo, pamene mawu awiriwa adali asanakhazikike aliyense pamalo pake. Chiyankhulo chimayenda. Ifenso tili ndi mawu amene agogo athu ankagwiritsa ntchito mwanjira ina, ndipo mwana amene angawalembe choncho pa mayeso a Chichewa lero sangapulumuke ponena kuti agogo ankatero. Komanso taona bwino kuti cholakwa cha mwanayu si chimene Shakespeare adachita. Iye adaika incredulous pa chinthu, pamene mwanayu adaika incredible pa iye mwini, ndipo chiganizo chake chidatuluka ndi tanthauzo lina lathunthu limene sankalifuna. Ochonga mayeso amawerenga zimene zili papepala, osati zimene zidali mu mtima. Ndi bwino cholembera chofiira chimupeze tsopano m'kope, kusiyana ndi kuti cholakwacho chikaonekere pa pepala la MANEB, kumene kulibe womufotokozera. Chimene ndikugwirizana nawe ndi chakuti kukhwatcha kokha sikukwanira, ndipo mwana amene wayesa liwu lalikulu ayenera kuyamikiridwa kaye asanakonzedwe.

Popeza tili pa disbelief, ndionjezere kagwiritsidwe kamodzi kamene mwanayo angakumane nako m'phunziro la zolembalemba za Chingerezi. Mlakatuli wina wa ku England, Samuel Taylor Coleridge, adalemba mu 1817 za suspension of disbelief, kutanthauza kuika pambali mwadala mtima wokana kukhulupirira kuti nkhani ikomere womvera. Ana anga ankavutika nawo mawu amenewa mpaka ndidawakumbutsa za madzulo pamoto, agogo akati "padangokhala" ife n'kuyankha kuti "tili tonse". Tonse tinkadziwa kuti Kalulu sayankhula ndiponso kuti Fisi sapita ku ukwati, koma poyankha kuti tili tonse tinkavomera kusiya kukana kwathu panja mpaka nthano itatha. Palibe mwana amene adalephera funso limenelo nditawapatsa chitsanzo chimenechi.

Mayi wa ku Chamama adalembanso:

Zikomo kwambiri aphunzitsi, bambo katekisiti, ndi inu achimwene a kwa Wimbe. Dzulo madzulo titadya nsima tidakhala pamkeka ndi mwanayo, ine ndikuwerenga mayankho anu pafoni, iye akulemba m'kope. Pamene ndidafika pa nkhani ya mayi amene ankati mukunama, mwanayo adandiimitsa n'kunena kuti ndi momwemo mmene adamvera tsiku lija, kuti adawerenga dzina lake katatu, kenaka adapempha mnzake kuti amuwerengere mokweza chifukwa ankaopa kuti mwina ndi la munthu wina. Zimenezi sadandiuzepo zaka zonsezi, ndipo m'chimangirizo choyamba chija mudalibe.

Apongozi anga, amene sadziwa Chingerezi n'pang'ono pomwe, adali pambali akutongola chimanga, ndipo adafunsa chimene tikulimbana nacho. Nditawafotokozera adati iwo adachitanso chimodzimodzi tsiku limene adamva koyamba mawu a mdzukulu wawo wa ku Johannesburg akutuluka mu foni, kuti adaitembenuza foniyo kuyang'ana kumbuyo kwake. Mwanayo adawauza kuti, "Agogo, ndiye kuti foniyo inali incredible, inu munali incredulous." Ndidamufunsa kuti abwereze mwa iye yekha ndi chitsanzo cha makina a kwa Wimbe, ndipo sadaphonye.

Walembanso chimangirizo chonse. Pamalo pa chiganizo chokhwatchidwa chija tsopano pali ziganizo ziwiri, chakuti "I read my name three times in disbelief", ndi chakuti "My mother gave me an incredulous look when I finally spoke." Chachiwiricho ndidafuna kutsutsa, koma ndidakumbukira kuti lichero lija ndidalisiya pansi nthawi yaitali, mpaka nkhuku zidayamba kudya mphale. Kopelo waliika kale m'chikwama, ndipo akuti Lolemba akawaonetsa aphunzitsi ake nthawi yopuma, akawafunsenso ngati incredulous at ndi incredulous about zimasiyana.